Chambo cha amayi ndi bolodi la madala: kumene timasankhira Proteas ku Mayfair

Mukangolowa, pa khoma la kumanzere pali bolodi lakuda, longa lija la ku pulayimale. Theka la pamwamba ndi la amayi eni malo, amalembapo ndiwo za tsikulo ndi mitengo yake. Theka la pansi analandidwa kalekale. Pamenepo pali manambala 1 mpaka 11 olembedwa ndi penti yoyera kuti asafufutike, ndipo pambali pa nambala iliyonse pamakhala dzina la choko, lomwe limatha kusintha katatu nsima isanapse. Imeneyo ndi Proteas, timu ya kiriketi ya South Africa ya masewero a tsiku limodzi, monga momwe aMalawi a ku Mayfair, ku Joni kuno, tikanaisankhira atatipatsa mphamvu. Ndakhala ndikudya pamalowa kuyambira 2023, ndipo anzanga a pa WhatsApp anditopetsa ndi funso loti kodi n'koyeneradi kukwerera takisi kuchokera ku Randburg kapena ku Cosmo City. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere.

Ndidziulule kaye. Ine ndine dalaivala pa shopu ina ya nsalu pafupi ndi Oriental Plaza ku Fordsburg, kwathu ndi ku Liwonde, ndipo kiriketi sindinabadwe nayo. Kwathu mpira unali umodzi, wa miyendo, munthu unkakhala wa Maule kapena wa Manoma basi. Nditangofika ku Joni n'kumva abwana akuti Loweruka tikupita ku Wanderers, ndinadabwa kuti Manoma atsegula liti nthambi kuno. Tinakathera pa bwalo la kiriketi ku Illovo, pa Corlett Drive, ine n'kudikira m'galimoto tsiku lonse. Kenako inabwera ntchito yoperekeza ana a abwana ku masewero a sukulu Loweruka lililonse. Ukakhala pansi pa mtengo zaka zisanu ukuonerera ana ovala zoyera akuponyerana kampira kofiira, tsiku lina umapezeka wafunsa mnzako kuti uja wamutulutsiranji. Matenda anga anayamba choncho.

Malowa alibe chikwangwani, ndipo dzina lake sindilemba chifukwa pali zina ndidandaule m'munsimu, pomwe amayiwo ndimawapatsa ulemu. Ali kuseri kwa kashopu kogulitsa matchaja ndi zikwama za foni. Umadutsa m'kanjira kopanikiza, kulambalala migolo ya zinyalala, kenako fungo la nsomba yowamba limakukoka pamphuno. Mukasochera, imani pafupi ndi mzikiti Lachisanu masana, mutchere khutu kwa amene akulankhula Chiyao kapena Chichewa, mufunse kwa amayi a ku Mangochi a bolodi. Mkati muli matebulo asanu ndi limodzi a pulasitiki, benchi limodzi lalitali, beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja pakhomo, ndi TV yokhazika pamwamba pa furiji. Nyama yonse ndi ya halaali, mowa sulowa, ndipo kubetcha analetsa. Akakuona watsegula za kubetcha pa foni amangobwera mwakachetechete n'kunyamula mbale, ngakhale mtanda uli pakati.

Nsima yawo ndi imene inandigwira mwendo poyamba, kiriketi inabwera pambuyo. Ufa woyera umabwera ndi matransipota kuchokera kumudzi, wa chimanga chokonola n'kuviika, ndipo nsima yake imatuluka yosalala, yomveka kawawasu kaja chapansipansi, yosiyana kutali ndi papa wa kuno amene amayoyoka m'manja. Pena galimoto imachedwa pa Beitbridge kapena pa Mwanza ufa n'kutha, ndipo amayi sabisa. Usanakhale pansi amayamba ndi iwo: "Lero ndi ufa wa m'shopu, achimwene, musakandinene kunjako." Chilungamo chimenecho chokha n'chosowa mu mzinda uno.

Chambo ndi chowamba, chochokera ku nyanja, amachiviika m'madzi ofunda kenako n'kuchiphika ndi tomato, anyezi ndi mafuta ochepa, msuzi wake wogwira bwino osati madzi ofiira. Mbale ndi R110, ndipo ndikudziwa kuti ena mwadzuma kale. Ndi zoona, n'chodula, komanso kukula kwake kumatengera mwayi: tsiku lina chimadzaza mbale, tsiku lina umachiyang'ana n'kufunsa ngati mayi wake akudziwa kuti chili ku Joni. Koma kukoma kwake sikusintha, ndipo amene amadziwa kudya mutu wa nsomba sanong'oneza bondo. Nsomba zaziwisi za m'madamu zimene ena amatigulitsa kuno pa dzina la chambo amayiwa amazikana, amati sanama pa dzina la nyanja. Usipa wofutsa ndi R70, nyemba R55, ndipo mbale iliyonse imabwera ndi masamba. Nkhwani wotendera wawo, nsinjiro zake zosinja okha, ndi amene mkazi wanga anavomereza, ndipo mkazi wanga savomereza ndiwo za mayi wina wamba. Loweruka pamakhala chigwada. Pa tebulo pali botolo la Nali, komanso kambuzi wa m'mafuta amene amamuika m'botolo lakale la mayonezi. Ameneyo muzimuyamba pang'ono.

Zosagula ndi ziwiri. Nkhuku yoyera amaikazinga m'mawa n'kumaitenthetsa tsiku lonse, pofika 2 koloko imakhala ngati nsapato. Tchipisi ndi chofewa, cha mafuta otopa. Ndinawauza amayi maso ndi maso, anandiyankha kuti tchipisi amaphikira ana ndi anthu opanda nzeru, ndisankhe ndekha gulu langa.

Mwini choko ndi madala ena a ku Nkhotakota. Agwira ntchito yosamala bwalo la kiriketi pa sukulu ina ya kumpoto kwa mzinda zaka zoposa makumi awiri: kuthirira, kumeta kapinga, kuyendetsa rola pa kachigawo kapakati kaja kamene mpira umagundapo. Sanagwirepo bati pa masewero enieni, koma dothi amalidziwa ngati mlimi wa mpunga. Anthu tikamakangana za maina, iwo amafunsa funso limodzi lokha, loti akusewerera kuti. Ukawayankha, m'pamene amatulutsa choko m'thumba la malaya. Lamulo la bolodi ndi lawo: aliyense akhoza kufufuta dzina, koma afotokoze chifukwa pamaso pa anthu, ndipo anthu akakana, wofufutayo agula botolo la thobwa la tebulo lonse. Thobwa la amayi limayenda kwambiri chifukwa cha lamuloli, ndipo ndikukayikira kuti anapangana.

Tsiku limene ndinawadziwa bwino madalawa linali Lachinayi, 16 November 2023, semi fainolo ya World Cup ku Eden Gardens mu mzinda wa Kolkata, South Africa ndi Australia. Masewero ankayamba 10:30 m'mawa nthawi ya kuno. Ndinauza abwana kuti galimoto ikufunika kukaonetsa mabuleki, iwo anangoseka, chifukwa nawonso anali atadzitsekera mu ofesi ndi TV yawo. Ndikufika pa amayi cha m'ma 10, benchi linali litadzaza kale ndi alonda oweruka usiku, maso ali psuu, ena atakhala pa makreti a zakumwa.

Pa nambala 2 madala anali atalemba Hendricks. Kaputeni Temba Bavuma anali atavulala mnofu wa kuseri kwa ntchafu pa masewero ndi Afghanistan, ndipo mpikisano wonse anali asanafikeko maranzi 50, zigoli za kiriketi, pa masewero amodzi. Reeza Hendricks, amene analowa m'malo mwake atadwala, anamenya 85 ndi England ku Mumbai, tsiku lija South Africa inaunjika 399 Heinrich Klaasen atamenya 109. Mnyamata wina wa ku Mzimba, mlonda wa pa nyumba za ku Parktown, anaimirira nanyowetsa chala ndi malovu.

"Madala, kaputeni sachotsedwa pa semi fainolo. Watifikitsa pano ndi iyeyo."

"Mwanawe, watifikitsa pano ndi De Kock ndi mahandiredi ake anayi. Ameneyu akutsimphina. Munthu wotsimphina sumutuma kukatsekula khomo kuli mphepo."

Anthu anavomera mnyamata uja, Bavuma anabwerera pa bolodi, ndipo patapita mphindi zochepa TV inatsimikiza kuti mphunzitsi Rob Walter wachita chimodzimodzi. Bavuma anawina tosi nasankha kuyamba kumenya. Zinali zomveka, chifukwa timuyo inkasakaza ikayamba kumenya, monga 428 ija inapatsa Sri Lanka ku Delhi, pomwe masewero awiri amene inagonja, ndi Netherlands komanso ndi India pamene onse anatuluka pa 83, inali ikuthamangitsa sikoo ya anzawo. Koma madala ananyamuka pampando, napita pafupi penipeni ndi furiji, khosi m'mwamba. Sankayang'ana osewera. Ankayang'ana thambo la ku Kolkata pamwamba pa sikirini.

"Mitambo iyo," anatero. "Mpira uvina."

Unavinadi. Mitchell Starc anatulutsa Bavuma mu ova yoyamba, mipira isanu ndi umodzi yoyambirira, asanapeze ngakhale rani imodzi. Madala sananene kanthu, anangobwezera choko m'thumba, ndipo kukhala chete kumeneko kunapweteka mnyamata wa ku Mzimba kuposa kunyozedwa. Quinton de Kock anatsatira, kenako Aiden Markram ndi Rassie van der Dussen, sikoo ili pa 24, anthu anayi atatuluka. Pamenepo magetsi nawo anazima, monga zinkachitikira masiku amenewo. Mwana wa amayi anathamangira kuseri kukakoka chingwe cha jenereta, tonse tili chete mu mdima wa utsi wa nsomba, wina akuwerenga sikoo pa foni mokweza ngati uthenga wa maliro. TV itayakanso tinapeza David Miller ndi Klaasen akumanga pang'onopang'ono. Mitima inayamba kubwerera, amayi anayamba kutulutsa mbale. Kenako Travis Head, munthu amene kuponya si ntchito yake yeniyeni, anatulutsa Klaasen pa 47, ndipo mpira wotsatira womwewo anatulutsa Marco Jansen. Miller anamenya 101 pa maranzi 212 a timu yonse.

Jansen akutuluka, madala anagogoda bolodi ndi chala pa nambala 7, gogogo, katatu. Ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse ya pamalowa, mkangano umene sunathe mpaka lero. Pa masewero a tsiku limodzi timu imaponya ma ova 50, ndipo munthu mmodzi saloledwa kupitirira 10. Ndiye kuti oponya asanu ndi ofunika zivute zitani. Omenya enieni, kuphatikizapo kipa, akakhala asanu ndi mmodzi, anthu 11 akwana, sipatsala malo a wina. Choncho wa nambala 7 amayenera kukhala munthu wa ntchito ziwiri, woponya ma ova ake 10 komanso womenya zenizeni zinthu zikavuta. Timu ya 2023 inaika katundu yenseyo pa mutu wa Jansen, mnyamata wamtali ngati mlongoti amene panthawiyo anali ndi zaka 23. Zikamayenda zinkakoma zedi. Zikapanda kuyenda, kuyambira nambala 7 kutsika kunali mchira wokhawokha, anthu ofooka pa kumenya, ndipo woponya mmodzi akadwala tsiku limenelo, wothandiza anali Markram yekha. Ku Kolkata zonse ziwiri zinachitika pamodzi. Kagiso Rabada anavulala chidendene n'kuponya ma ova 6 okha, mipira ya Jansen inamenyedwa, Markram n'kuitanidwa, ndipo anatulutsa David Warner ndi mpira wake woyamba. Keshav Maharaj nayenso anatulutsa Head ndi mpira wake woyamba, Tabraiz Shamsi ndi Gerald Coetzee anatenga awiriawiri, tinakuwa mpaka a pa shopu ya matchaja anabwera kudzaona. Australia inafika ndithu, itatsala ndi mawiketi atatu, ndiye kuti anthu atatu okha oti atulutsidwe. Kunja kunali kutayamba kuda. Amayi anatiphikira tiyi wa Chombe ulere, palibe anathokoza mokweza, tinangomwa.

Za Bavuma ndinene maganizo anga. Tsiku limenelo madala analondola. Koma za munthuyo anaphonya, ndipo June 2025 inawatsutsa. Ku Lord's, pa fainolo ya World Test Championship, ya masewero a masiku asanu, Bavuma yemweyo, mnofu wa ntchafu utamugwiranso, anatsimphina mpaka 66 pambali pa Markram amene anamenya 136, South Africa n'kugonjetsa Australia yomweyo ndi mawiketi asanu. Mnyamata wa ku Mzimba anabwera Loweruka limenelo atavala malaya ositidwa, nakaima kutsogolo kwa madala osanena kanthu, kubweza ngongole ija ya kukhala chete. Madala anagula thobwa la nyumba yonse. Atamwa anapukuta pakamwa n'kunena kuti masewero a masiku asanu ndi a tsiku limodzi ndi nyama ziwiri zosiyana, mkangano n'kuyambiranso pomwepo.

Pali nkhani ina imene imatsitsa mawu a anthu pa bolodi, ya khungu. Bungwe la Cricket South Africa lili ndi mlingo woti pa nyengo yonse ya masewero, timu ikhale ndi osewera osakhala azungu asanu ndi mmodzi mwa 11 pa avereji, awiri mwa iwo akuda a Chiafirika. Aliyense wotsata kiriketi ya dziko lino amakumbukira 24 March 2015 ku Auckland, pamene Vernon Philander, amene ankavutika ndi kuvulala, anasewera semi fainolo m'malo mwa Kyle Abbott amene anali pa fomu, New Zealand n'kupambana Grant Elliott atamenya mpira wa Dale Steyn kunja kwa bwalo. Mpaka lero anthu amati chisankho chimenecho sichinali cha kiriketi yokha. Ife ndife alendo m'dziko lino, ndipo ambiri pa benchi amaopa kulowerera za eni mudzi. Madala saopa. Amati kukangana pa anthu 11 a pamwamba n'kukangana pa denga maziko asanakumbidwe, chifukwa osewerawo akuda ndi oyera omwe amachokera m'masukulu ochepa okhala ndi mabwalo othiriridwa. Amawerenga pa zala: Rabada, Kwena Maphaka ndi Wiaan Mulder onse ndi a St Stithians, kuno ku Joni konkuno, ndipo Elliott amene anatiliza ku Auckland anabadwira mu mzinda uno n'kuphunzira pa sukulu yomweyo. Bavuma anabadwira ku Langa ku Cape Town koma anadutsa pa St David's. "Mwana wa ku Diepsloot akauona kuti udzu wotere?" amafunsa, akusisita tebulo ndi chikhatho ngati akuyesa kapinga.

Dzina limodzi lokha ndi limene palibe amalifufuta, la Lungi Ngidi. Mayi ake ankagwira ntchito ya m'nyumba, bambo ake ankakonza zinthu pa sukulu, iye anafika ku Hilton College ndi thandizo la fizi. Theka la anthu odya pa amayi amagwira ntchito zomwezo m'mayadi a Houghton ndi Sandton. Mnyamata wina anayesapo kulembapo Nandre Burger pa nambala 11, ndi zifukwa zomveka ndithu, zoti amaponya ndi dzanja lamanzere komanso ali ndi liwiro. Anagula mabotolo awiri.

Panopa bolodi likuyang'ana 2027, pamene World Cup idzachitikira kuno ku South Africa pamodzi ndi Zimbabwe ndi Namibia, m'miyezi ya October ndi November, ndi matimu 14. Komaliza kuchitikira kuno inali 2003, eni nyumba n'kutuluka mu gawo loyamba mvula itagwa ku Durban iwo atawerenga molakwika maranzi ofunika, fainolo pa Wanderers n'kukhala ya Australia ndi India. Madala anali atafika kale m'dziko muno nthawi imeneyo ndipo amaifotokoza ngati ngozi ya basi. Zinthu zasintha kuchokera pa Kolkata. Timu ili m'manja mwa mphunzitsi Shukri Conrad. Klaasen anasiya kusewerera dziko mu June 2025. De Kock, amene anatsanzika pa masewero a tsiku limodzi itatha World Cup ya 2023, anabwerera chakumapeto kwa 2025. Miller adzakhala ndi zaka 38, Bavuma 37. Ndipo anyamata akugogoda pakhomo ndi ambiri kuposa mipando: Ryan Rickelton, Tristan Stubbs, Dewald Brevis amene anamenya 125 ndi Australia ku Darwin pa masewero a ma ova 20, ndi Matthew Breetzke amene anamenya 150 pa masewero ake oyamba ku Lahore mu February 2025 koma osapezeka mu timu ya Champions Trophy imene inali itasankhidwa kale. Achinyamata a pa benchi amafuna onsewa alowe nthawi imodzi. Amayi akamva zimenezo amalankhula okha ku khitchini, akuvundula nsima, kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Madala amabwerera ku dothi lawo. Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, mpweya ndi wopepuka, mpira umauluka kutali ndipo umadumpha. N'chifukwa chake pa Wanderers mpamene Australia inamenya 434 mu March 2006 South Africa n'kuyankha 438, ndipo mpamenenso AB de Villiers anamenya 149 pa mipira 44 mu January 2015. Pa bwalo lotere, komanso ku Centurion, sipina mmodzi, woponya mpira wozungulira mosathamanga, ndi wokwanira, ena onse akhale a liwiro. Koma ku Durban, ku Gqeberha ndi ku Paarl nthaka ndi yaulesi, mpira umafika mochedwa, sipina wachiwiri amafunika. Ndiye amati kusankha 11 lero n'kusewera chabe, ntchito yeniyeni ndi kusankha anthu 15 amene mpikisano umalola, kuti bwalo lililonse likhale ndi anthu ake. Anapempha amayi kuti awonjezere manambala anayi pa bolodi. Amayi anakana, anati akatero usipa ulembedwa padenga.

Yanga ndimaiyika chonchi, ndipo ndagulira kale thobwa kawiri: De Kock ndi Markram kutsogolo, Bavuma pa 3, Breetzke, Brevis, Miller, kenako Mulder pa 7, Jansen pa 8, Maharaj, Rabada, Ngidi. Jansen ndimamutsitsa dala kuti katundu wa ku Kolkata agawane ndi mnzake, timu izimenya mpaka nambala 8 oponya asanu ali chikhalire. Miller ndimamusunga ngakhale akukalamba, chifukwa ma semi fainolo awiri otsatizana, ku Kolkata ndi ku Lahore pa Champions Trophy mu March 2025 pamene New Zealand inaunjika 362, wamenya handiredi ndi iyeyo anzake atabalalika. Rickelton ndimamusiya panja ndi mtima wowawa. Otsutsa amati Mulder, ngakhale anamenya 367 ku Bulawayo pa masewero a masiku asanu, liwiro lake loponya ndi lochepa, pa Wanderers adzamudya ngati mandasi, ndipo amafuna Corbin Bosch. Sindinganene kuti akunama.

Tsono zodandaula, poti si zonse zokoma. Tsiku la masewero akuluakulu chakudya chimachedwa koopsa. Wophika ndi mmodzi, mapoto a nsima ndi awiri, woperekera ndi mtsikana mmodzi amene amatolanso ndalama. Ine ndinadikirapo mphindi 50, ndipo amene anabwera pambuyo panga analandira ndisanalandire chifukwa anakhala pafupi ndi khomo la khitchini. TV ndi yaing'ono kwa anthu makumi atatu, ndipo cha m'ma 3 koloko dzuwa lolowera pakhomo limagwera pa sikirini, mpira woyera suoneka, timangotsata ndi makutu mpaka wina apachike chitenje. Mvula ya mabingu ya madzulo ikabwera, dishi imasiya kugwira nthawi yomwe masewero afika pokoma. Jenereta ili pafupi kwambiri ndi zenera, utsi wake umalowa. Chimbudzi ndi chimodzi, cha panja, kiyi wake anamumangirira ku chipande chakale kuti asasowe, ndiye aliyense m'nyumbamo amadziwa kumene ukupita. Khadi salandira, bwerani ndi ndalama m'manja, makamaka zosinthasintha. Ndipo ndi malo a phokoso la amuna. Mkazi wanga anabwera kamodzi, anayamikira nkhwani, koma anati ulendo wina ndizingomubweretsera m'kontena.

Vuto lina ndi loseketsa koma limakwiyitsa anthu. Nsanza yofufutira ndi imodzi, ya ndiwo ndi ya timu. Tsiku lina nyemba zitatha, mtsikana uja anapukuta mwachangu kuchokera pamwamba, dzanja n'kutsetsereka, Rabada n'kupita limodzi ndi nyemba. Panatha ola lathunthu anthu akuimbana mlandu wofufuta mobisa, wina mpaka anatuluka osamaliza chambo.

Ndiye kodi n'koyenera takisi ziwiri kuchokera ku Cosmo City? Ngati mukufuna kudya mwachangu n'kubwerera ku ntchito, bwerani pakati pa sabata, cha m'ma 12, muitanitse usipa, mudzatuluka mutakhuta bwino. Ngati mukufuna kuonera masewero mwabata, sikirini yaikulu, mpando wofewa, pitani kwina. Koma ngati muli ngati ine, amene ndinaphunzira masewerowa pansi pa mtengo popanda wondifotokozera m'chilankhulo changa, bwerani tsiku la masewero a tsiku limodzi, mufike ola limodzi asanayambe, mukhale pafupi ndi khomo la khitchini, ndipo muitanitse chambo nthawi yomweyo chisanafufutidwe pa bolodi. Tengani R40 yapadera ya thobwa, chifukwa pakamwa padzakuyabwani.

Loweruka lapitali ndinapeza nambala 7 ili yopanda dzina. Madala anandipatsa choko osandiyang'ana n'komwe. Ndinalemba Mulder, ndinafotokoza zifukwa zanga, anthu anang'ung'udza koma sanandigulitse thobwa. Ndinapita pakhomo kukasamba m'manja, mtsikana akundithirira madzi a m'jagi, ndipo pobwerera ndinapeza pali Bosch, m'malembo opendama amene ndimawadziwa bwino, omwe aja amalemba mtengo wa usipa.